Makina Akaphunzitsa Makina Anzake, Woconga Mayeso Akhale Dotolo

MUNTHU ali yense amene anagonapo m'cipatala, kapena anaperekezapo m'bale wake ku kiliniki, adziwa kuti ulendo wotere usiya mapepala ambiri m'mbuyo. Pali khadi la wodwala, pali buku lalikulu limene namwino alembamo maina ndi matenda, pali kapepala kocokera ku labu, ndipo ngati munthu anajambulidwa m'cifuwa pali lipoti la dotolo lonena zimene anaona pa cithunzico. Kale mapepala awa anali kungounjikidwa m'makabati kufikira ciswe citawapeza. Lero ali ndi nchito yatsopano. M'mayunivesiti ndi m'makampani a ku America, ku Ulaya ndi ku Asia akuwagwiritsa nchito pophunzitsa makompyuta kuwerenga mau a madotolo, kuti makinawo azitha kunena okha kuti wodwala uyu ali ndi cibayo, uyu mtima wake wakula, uyo alibe kanthu.

Abale ao a makina amenewa, amene nchito yao ndi kuwerenga zithunzi za m'cifuwa, anafika kale m'dziko lino, ndipo ena ali m'njira. Motero nkoyenera kuti anthu a m'midzi, amene ndiwo adzaima pa mzere kutsogolo kwa makinawo, adziwe m'mene aphunzirira, makamaka tsopano pamene mphunzitsi wa makina ambiri salinso munthu koma makina anzao.

Kaphunziridwe ka kompyuta kafanana ndi ka mnyamata amene aphunzira kusankha fodya m'cigafa. Akulu samuwerengera malamulo. Amuonetsa masamba limodzi-limodzi namuuza kuti ili ndi la giredi yapamwamba, ili lapakati, ili nlotaya. Akaona masamba ambiri maso ake azolowera, nayamba kusankha yekha. Kompyuta nayo ipatsidwa malipoti kapena zithunzi zikwi-zikwi, ndipo pa ciri conse pamaikidwa cizindikiro conena kuti nthenda yakuti iripo kapena palibe. Cizindikiroco ndico mphunzitsi weni-weni. Cikakhala colondola makina aphunzira zolondola. Cikakhala colakwa aphunzira kulakwako ndi cangu comwe cija, osadziwa nkomwe kuti asokera.

Bvuto liri pa mtengo wa zizindikirozi. Tsamba la fodya angaliike m'giredi mlimi ali yense wozolowera, koma lipoti la m'cifuwa lifuna dotolo amene anakhala pa sukulu zaka zambiri, ndipo nthawi yake ndi ya mtengo wapatali. Dotolo atapatsidwa malipoti 200,000, namawerenga limodzi pa mphindi imodzi kwa maola 8 pa tsiku, angathe masiku oposa 400 osaonapo wodwala ndi mmodzi yemwe. Palibe cipatala, ngakhale ca dziko lolemera, cimene cingalole zimenezo.

Tsono akatswiri anapeza njira ya cidule. Analemba pulogalamu ya malamulo, imene igwira nchito monga kalaliki wosatopa. Kalaliki ameneyu apita m'lipoti kufuna-funa maina a matenda. Akapeza dzina la cibayo ayang'ana ngati pafupi pali mau okana, monga akuti palibe, kapena mau okayika, monga akuti mwina, ndipo akatero aika cizindikiro nalumphira pa lipoti lina. Sadziwa phapo, sanamvepo munthu akutsokomola. Adziwa mau cabe. Koma atha mulu wonse m'kanthawi kocepa, ndipo safunsa malipiro.

Mu 2017 bungwe la boma la America lofufuza za matenda, la National Institutes of Health, linatulutsa zithunzi za m'cifuwa 112,120 za odwala 30,805, kuti ali yense wofuna kuphunzitsa makina azigwiritse nchito kwaulere. Pa cithunzi ciri conse panalembedwa ngati pali ina mwa mitundu 14 ya matenda, ndipo wolemba anali kalaliki wa makina amene anawerenga malipoti a madotolo. Eni ake anati ayembekeza kuti zizindikiro zoposa 90 pa 100 ziri zolondola, koma malipoti eni-eniwo sanawatulutse. Caka cisanathe, gulu la pa yunivesiti ya Stanford ku California linalengeza kuti makina ao ochedwa CheXNet, ophunzitsidwa pa zithunzi zomwezo, acita bwino pozindikira cibayo kuposa madotolo anai amene anapikisana nao, powerengera anaiwo pamodzi. Mbiri inawanda pa dziko lonse, ena nayamba kunena kuti madotolo a zithunzi nchito yao yatha.

Kapaipi

Koma cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Dr Oakden-Rayner, katswiri wa zithunzi za X-ray wa mu mzinda wa Adelaide ku Australia, anacita cinthu cimene ambiri mwa osangalala aja sanaciganizire: anakhala pansi nayang'ana zithunzizo ndi maso. Mu December 2017 analemba kuti pa matenda angapo zizindikiro zambiri sizinali kugwirizana ndi zimene ziri pa cithunzi.

Citsanzo cimodzi ca zimene zinapezeka cifuna kufotokozedwa modekha, pakuti cionetsa m'mene cizindikiro cosanama cingasokeretsere makina. Pali nthenda yoopsa imene mpweya utuluka m'phapo nukhala pakati pa phapo ndi nthiti, nufinya phapolo kufikira munthu alephera kupuma. Mpweyawo ukacuruka madotolo aboola pa nthiti nalowetsa kapaipi kuti utuluke. Munthu woikidwa kapaipi ajambulidwa kawiri-kawiri, kuti aone ngati phapo likubwerera m'malo mwake, ndipo lipoti liri lonse lichula dzina la nthendayo. Kalaliki wa makina, poona dzinalo, anali kuika cizindikiro cake monga mwa lamulo. Sanabe, sananame. Koma pamene Dr Oakden-Rayner ndi anzake anapenda nkhaniyi mu 2019, anapeza kuti pa zithunzi zoyesera zokhala ndi cizindikiro ca nthendayi, pafupi-fupi 80 pa 100 zinali ndi kapaipi. Makina ophunzitsidwa pa mulu umenewo anali akatswiri pa zithunzi zokhala ndi kapaipi, koma pa zopanda kapaipi anatsika kwambiri. Kunena kwina, anazolowera kuona paipi, imene ioneka msanga, koposa kuona nthenda, imene ibisala.

Tsono munthu wa kapaipi ndi munthu amene madotolo amuona kale namupulumutsa. Wofuna thandizo la makina ndi uja wangofika kumene, ali wefu-wefu, amene palibe wadziwa cimene cikumutsamwitsa. Makina anali kukhoza mayeso pa anthu osawafuna, nalephera pa anthu amene anapangidwira. Ndipo malikisi onse ataikidwa pamodzi anali okongola ndithu, kotero kuti munthu wongowerenga nambala sakanazindikira kanthu.

Mu 2018 ofufuza a ku New York, otsogozedwa ndi John Zech, anapezanso cinyengo cina. Pa cipatala ca Mount Sinai zithunzi 34 pa 100 zinali ndi cizindikiro ca cibayo, pamene pa mulu wa National Institutes of Health cinali cimodzi pa 100. Makina ophunzitsidwa pa milu iwiriyi pamodzi anaphunzira kuzindikira cipatala kumene cithunzi cacokera, ngakhale pa kacitsulo kamene ojambula aika pa ngodya ya cithunzi, namaganizira cibayo potsata dzina la cipatala. Atayesedwa pa zithunzi za ku Indiana, kumene sanaphunzireko, malikisi ao anatsika.

Wina pakumva izi anganene kuti makina otere akanidwe, ndipo zizindikiro zonse aziika anthu. Maganizo amenewo ndi a munthu amene sanaimepo pa mzere wa pa kiliniki kuyambira tambala woyamba. Madotolo odziwa zithunzi za X-ray ndi owerengeka m'dziko lino, ndipo ambiri a iwo ali m'mizinda ikulu-ikulu. Njira iri yonse imene icepetsa mtengo wa thandizo iyenera kumvedwa isanatayidwe. Ndipo mbiri yomweyi ya ku America ionetsa kuti kalaliki wa makina angagwire nchito yabwino akaikidwa pa malo ake.

Mu 2019 gulu la ku Stanford linatulutsa mulu wina wochedwa CheXpert, wa zithunzi 224,316 za odwala 65,240. Zizindikiro zophunzitsira anaikanso kalaliki wa malamulo, koma tsopano analoledwa kunena kuti akukayika m'malo mokakamizidwa kuti inde kapena iai. Cacikulu ndi cakuti mapepala a mayeso sanapatsidwe kwa kalaliki. Zithunzi za odwala 200 anaziconga madotolo atatu, ndipo za odwala 500, zimene zinali za mayeso otsiriza, anaziconga madotolo asanu, potsata zimene ambiri a iwo anagwirizana.

Caka cotsatira, mu 2020, a pa yunivesiti yomweyo anapita patsogolo. Anatenga BERT, makina owerenga mau amene kampani ya Google inatulutsa mu 2018, nawaphunzitsa kuwerenga malipoti a m'cifuwa. Poyamba anawapatsa malipoti oposa 180,000 okhala ndi zizindikiro za kalaliki wa malamulo uja. Codabwitsa ncakuti wophunzira, ngakhale anaphunzira kwa kalaliki yekha, anamuposa pang'ono mphunzitsi wake, popeza anali atadziwa kale kayendedwe ka Cingerezi ndipo anali kumva ciganizo cimene malamulo ouma anali kuphonya. Pambuyo pake anatenga malipoti 1,000 cabe ocongedwa ndi madotolo awiri, nagwiritsa nchito amenewo kuwongola makinawo. Apa ndi pamene analumpha. Pa muyeso umene anagwiritsa nchito, umene nambala yake yapamwamba ndi 1, kalaliki wa malamulo anapeza 0.743, makina atsopano, amene anawacha CheXbert, anapeza 0.798, ndipo dotolo woyesedwa pa mapepala omwewo anapeza 0.805. Mapepala a mayesowo anali malipoti 687 a cipatala cina, ca ku Boston, ocongedwa ndi dotolo.

Nambala izi zifuna kuyang'anidwa kawiri. Malipoti zikwi-zikwi a kalaliki anafikitsa makina pa msinkhu wa kalaliki ndi kucepa pang'ono pamwamba pake. Malipoti owerengeka a madotolo ndiwo anawafikitsa pa khomo la dotolo. Ndipo palibe akanadziwa kuti makina afika pati pakanapanda mapepala 687 aja, amene dzanja la munthu linaconga. Cizindikiro ca makina ndi mgaiwa wokhutitsa wophunzira. Ca dotolo ndico ndiwo, ndiponso ndico sikelo.

Masikelo awiri

Kuyambira mu 2022, pamene ChatGPT inatuluka, kalaliki wasintha nkhope. Makina akulu-akulu a masiku ano awerenga lipoti lonse monga munthu, namva ngakhale mau ozungulira. Mu 2024 ofufuza a ku South Korea anapatsa GPT-4 malipoti 50,000 kuti iikepo zizindikiro, naphunzitsa makina ang'ono pa zizindikirozo, makina amene safuna ndalama zambiri poyendetsa. Iwonso anasunga malipoti 500 ocongedwa ndi akatswiri kuti akhale mayeso. Njira imeneyi yafala tsopano pa nchito zambiri za cipatala, ndipo cifukwa cake ncodziwika: ndi yochipa ndiponso yofulumira.

Komabe pali zinthu ziwiri zimene ziyenera kuopedwa. Kalaliki wakale akalakwa, katswiri anali kutsegula malamulo ake napeza pamene panapindika. Kalaliki watsopano alibe buku la malamulo loti munthu atsegule. Akalakwa alakwa mwaulemu, m'mau osalala, ndipo kulakwa kwake sikusiyana maonekedwe ndi kulondola kwake. Caciwiri ndi ciyeso ca ulesi. Popeza makina akulu aoneka anzeru, wogulitsa wofuna kusunga ndalama angawapatse nchito zonse ziwiri, kuphunzitsa ndi kuconga mayeso. Pamenepo wophunzira adzapeza malikisi apamwamba nthawi zonse, pakuti ayankha zomwe mphunzitsi wake anamuuza. Mlimi amene anagulitsapo cimanga adziwa kuti masikelo awiri opindika mofanana agwirizana pa thumba liri lonse. Cimene cigwira wakuba ndi mwala wa citsulo wa kulemera kodziwika, umene wopima masikelo abwera nao m'thumba mwake.

Ngakhale kalaliki atawerenga lipoti popanda kuphonya liu, nkhani sinathe. Mu 2021 a ku Stanford omwewo anaonetsa kuti madotolo oika zizindikiro powerenga lipoti asiyana kwambiri ndi madotolo oika zizindikiro poyang'ana cithunzi ca munthu yemweyo. Sikuti ena a iwo ndi osadziwa nchito. Wolemba lipoti alembera dotolo mnzake amene adziwa kale mbiri ya wodwala. Zodziwika kale azisiya, zina azichula cifukwa anaziona pa cithunzi ca dzulo. Lipoti si cithunzi, ndipo cithunzi si wodwala. Coonadi cicoka m'thupi la munthu kupita pa cithunzi, kucoka pa cithunzi kupita pa lipoti, kucoka pa lipoti kupita pa cizindikiro, ndipo makina ang'ono alandira kumapeto kwa mzere. Uthenga wopatsirana pakamwa kudutsa midzi inai sufika monga unacokera.

Kuno kwao kwa owerenga mzerewu ndi wautali koposa, cifukwa uyamba ndi kumasulira. Mayi wa ku Petauke kapena ku Chadiza afotokoza m'Cinsenga kapena m'Cicewa, ndipo wopima odwala alemba m'Cingerezi ca cidule, pa liwiro, anthu ena ali pa khomo. Liu lakuti cifuwa litanthauza ciwalo ca thupi, litanthauzanso kutsokomola. Wodwala akati mtima ukuwawa nthawi zambiri aloza pamwamba pa mimba. Wopima wozolowera adziwa zonsezi ndipo afunsa mafunso ena, koma cimene citsala pa khadi ndi mau anai kapena asanu. Ndipo mauwo ali ndi matanthauzo a kuno. M'zipatala za dziko lino RVD alemba ponena za kacirombo ka HIV, pamene dotolo wa ku America pa malembo omwewo angaganize za nthenda ya mtima kapena ya mitsempha ya impso. PTB kuno ndi cifuwa cacikulu ca m'mapapo, koma m'mabuku a azamba itanthauza mwana wobadwa masiku asanakwane. BS kuno kawiri-kawiri ndi magazi opaka pa galasi popima malungo. Kwina ndi shuga wa m'magazi. Makina akulu anaphunzira kwambiri pa zolembedwa za maiko a kutali, ndipo Cinyanja colembedwa pa intaneti ncocepa. Akaikidwa kukhala kalaliki wa makhadi a m'makiliniki a kuno, palibe angalumbire kuti adzasankha tanthauzo la kuno nthawi zonse.

Palinso mabuku akale a m'makiliniki. M'Cinyanja liu lakuti malungo likwirira kutentha thupi kwa mitundu yambiri, ndipo kwa zaka zambiri mabuku a zipatala anali kucita cimodzi-modzi. Pa makiliniki opanda zopimira magazi, m'maiko ambiri a mu Afirika, mwana wotentha thupi anali kulembedwa malungo napatsidwa mankhwala. Anamwino sanalakwe, umu ndi m'mene analangizidwira, ndipo anapulumutsa ana ambiri. Mu 2010 ndi pamene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti ali yense woganiziridwa malungo ayambe wapimidwa magazi asanalandire mankhwala. Tsono kalaliki wa makina akapatsidwa mabuku a zaka za m'mbuyo zija adzakopera liu lakuti malungo mokhulupirika, ndipo wophunzira wake adzakula akudziwa kuti kutentha thupi kuli konse ndi malungo. Mwana wa cibayo kapena wa nthenda youmitsa khosi ndiye adzalipira.

Makhololo

Dziko lino lisafune citsanzo kutali, pakuti cabwino cinacitikira mu Lusaka momwemu. Cifuwa cacikulu ca TB ndi mdani wakale wa Zambia; kafuku-fuku wa dziko lonse wa 2013 ndi 2014 anapeza kuti pa akulu 100,000 ali onse, 638 anali ndi TB yotsimikizidwa ku labu. Pamene makina a ku Netherlands ochedwa CAD4TB, owerenga zithunzi za m'cifuwa, anabwera kudzayesedwa, ofufuza a bungwe la ZAMBART, otsogozedwa ndi Dr Monde Muyoyeta, sanafunse makina ena ngati agwirizana nao. Anatenga makhololo a odwala omwewo nawapima ndi Xpert, cipangizo cimene cifuna kacirombo keni-keni. Zotsatira, zimene zinasindikizidwa mu 2014, zinaonetsa kuti makina a nthawi imeneyo anali kugwira pafupi-fupi onse a TB, koma anali kulozanso anthu ambiri amene analibe. Kudziwa zimenezi ndiko kunasonyeza malo ao oyenera: kusankha anthu oti akapimidwe makhololo, osati kugamula kuti munthu ayambe mankhwala a miyezi 6.

Mu 2021 WHO inabvomereza makina otere kuti aziwerenga zithunzi pofufuza TB pa anthu a zaka 15 kupita m'mwamba. Isanatero inawayesa poyerekeza ndi zotsatira za ku labu, ndipo inalangiza kuti malo ali onse ayese makinawo pa anthu a komweko asanasankhe nambala yoyambira kukayikira munthu. Ngati makina a zithunzi anadutsa pa cipata copapatiza cotere, palibe cifukwa cakuti makina owerenga mau a madotolo alowere pa zenera.

Makhadi a odwala ambiri m'dziko lino alowa kale m'makompyuta kudzera mu SmartCare, ndipo tsiku lidzafika pamene wina adzabwera ndi makina oti aziwerenga zolembedwazo, kusankha ofunika kutumizidwa ku cipatala cacikulu, kapena kuwerengetsa matenda a m'boma liri lonse. Tsikulo lisanafike, Unduna wa za Umoyo, pamodzi ndi sukulu ya madotolo ya University of Zambia, uyenera kukonza mapepala a mayeso a dziko lino. Akhale makhadi ndi malipoti a kuno, maina atafufutidwa, ocokera osati ku University Teaching Hospital kokha koma ku Chipata, ku St Francis ku Katete, ku Lundazi ndi ku makiliniki a kumapeto kwa miseu ya fumbi. Pepala liri lonse aliconge anthu awiri kapena atatu, ali yense payekha, ndipo pakati pao pakhale anamwino ndi opima odwala a m'midzi, amene adziwa tanthauzo la mau a odwala ao. Pamene pali cotsatira ca ku labu, cimeneco cikhale woweruza. Ndipo mapepalawo atsekeredwe monga atsekera mayeso a Giredi 7, pakuti wogulitsa makina akawaona pasadakhale, makina ake adzawaloweza pamtima monga mwana wogula mayankho.

Ena adzati madotolo ndi ocepa kale, nanga awacotsenso pa odwala kuti akaconge mapepala? Funso limeneli nlacilungamo, ndipo yankho lake liri m'nambala za ku Stanford zija. Sipafunika malipoti 200,000. Mulu waukulu auike kalaliki wa makina. Ndiyo nchito yake, ndipo aigwira bwino. Anthu afunika pa mulu waung'ono, wa mazana angapo kapena cikwi cimodzi pa nchito iri yonse, umene gulu locepa lingathe m'masabata owerengeka. Koma nchitoyo ilipiridwe monga nchito, isakhale yopempha namwino wotopa kuti acite usiku mwaulere. Munthu woconga ali ndi tulo asanduka kalaliki wacitatu. Ndalama zake zicokere kwa wogulitsa kapena kwa wopereka thandizo, ngakhale kuti oconga asankhidwe ndi Unduna. Ndiponso mayesowo abwerezedwe pakapita nthawi, popeza mankhwala asintha, mafomu asintha, ndipo matenda atsopano abwera, monga anaonera onse mu 2020.

Pali mbali inanso imene siyenera kuiwalika. Kuti makina akulu aike zizindikiro, mapepala ayenera kupita kumene kuli makinawo, ndipo kawiri-kawiri kumeneko ndi kutsidya kwa nyanja. Lamulo loteteza mbiri ya munthu, limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mu 2021, linaika za umoyo wa munthu m'gulu la zinsinsi zofunika kusamalidwa koposa. Kufufuta dzina pa khadi la mu Lusaka kungakwanire, koma m'mudzi wa nyumba makumi atatu, mayi wa zaka zakuti, wa ana akuti, amene anagwa pa ngolo mwezi wakuti, adziwika popanda dzina.

Makomiti a za umoyo a m'midzi, mafumu ndi makhansala ali ndi mbali yao, ndipo safunika digiri kuti aigwire. Makina atsopano akafika pa kiliniki, pa msonkhano woyamba afunse kuti zizindikiro zimene makinawo anaphunzirira anaika ndani, munthu kapena makina anzao. Yankho lakuti makina si loopsa pa lokha. Afunsenso kuti mayeso anaconga ndani, ndiponso kuti mapepala a mayesowo anacokera m'cipatala citi, ca dziko liti, ndipo anali angati. Wobweretsa makina amene anacita nchito yake moona adzayankha m'mphindi ziwiri, ali ndi pepala m'manja. Wina akayamba kuzungulira, namanena za kukula kwa kampani yake ndi za maiko ena amene anagula kale, komiti ilembe kalata kwa mkulu wa za umoyo wa pa boma, ndipo poyembekeza yankho makhololo apite ku labu, cala cibayidwe popima malungo, ndipo cigamulo pa wodwala cikhale ca namwino amene wamugwira pa mphumi.